Masiku anayi ku Chipata: momwe mungakonzere ulendo wokaona likulu la kummawa kwa Zambia ndi madera oyandikira

Munthu wa ku Lilongwe ali pafupi ndi Chipata kusiyana ndi Blantyre kapena Mzuzu. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 140, msewu ndi wa tala, anthu ake amayankhula chomwe timayankhula, ndipo Mmalawi safunika viza kuti alowe m'Zambia. Komabe ambiri amangodutsapo ali m'tulo pa basi ya ku Lusaka, ena amakaoda katundu m'mawa n'kubwerera madzulo osaona kanthu kupatula mashelefu. Chipata ndi likulu la chigawo cha kummawa kwa Zambia, ndipo misewu yochoka pamenepo imakafika ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, ku Mtenguleni kwa Angoni a Mpezeni, ndi ku chigwa cha Luangwa komwe kuli nyama zakutchire zochuluka. Malangizo awa ndi a munthu yemwe ali ndi masiku atatu kapena anayi okha, mwina kuyambira Lachisanu kufika Lolemba, ndi ndalama zowerengeka.

Choyamba: sankhani mwezi musanasankhe china chilichonse

Ulendo wa ku Chipata umasintha nkhope malinga ndi mwezi, ndiye kalendala ndiyo iyambe kulankhula thumba lisanayankhe.

Loweruka lomaliza la Febuluwale kumakhala Nc'wala ku Mtenguleni, mwambo womwe Inkosi ya Makhosi Mpezeni imalawa zipatso zoyamba zam'munda. Loweruka lomaliza la Ogasiti kumakhala Kulamba, mwambo wa Achewa, ku Mkaika m'boma la Katete. Masiku awiriwa malo ogona alendo a mu Chipata ndi Katete amadzaza, mitengo imakwera, ndipo wofika wopanda malo osungitsa amagona m'galimoto. Ngati mtima wanu uli pa umodzi mwa miyamboyi, sungitsani chipinda kukadali mwezi kapena iwiri, ndipo mufunse tsiku lenileni chaka chimenecho, chifukwa chisankho cha dziko kapena maliro a mfumu zimatha kusuntha mwambo.

Wofuna nyama apite pakati pa Juni ndi Okutobala. Udzu umakhala utauma, madambo ataphwa, ndipo nyama zimasonkhana m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa. Juni ndi Julayi kumakhala kozizira bwino m'mawa. Okutobala nyama zimaoneka kwambiri, koma kutentha kwa m'chigwamo kumafanana ndi kwa ku Nsanje, kumafika madigiri 40 n'kupitirira, choncho wokhala ndi ana aang'ono kapena okalamba aganize kawiri. Nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, dziko limabiriwira ndipo maloji ambiri amatsitsa mitengo, koma misewu ina ya m'nkhalango imatsekeka ndi matope.

Ngati simukutsata mwambo kapena nyama, mwezi uliwonse ndi wabwino, ndipo sabata yopanda chikondwerero ndiyo yotchipa.

Chachiwiri: Chipata akhale pogona, ndipo musankhe mbali imodzi

Apa ndi pomwe ambiri amadzipweteka. Akayang'ana mapu amaona Katete, Mfuwe, Lundazi ndi Chadiza zitazungulira Chipata n'kuganiza kuti azimaliza zonse m'masiku atatu. Matauniwa ali pa misewu yosiyana, ndipo kuchoka ku ina kupita ku inzake pafupifupi nthawi zonse kumafuna kubwerera kaye ku Chipata. Katete ali makilomita pafupifupi 85 pa Great East Road, msewu waukulu wopita ku Lusaka. Mfuwe, khomo lolowera ku nkhalango ya nyama ya South Luangwa, ali makilomita pafupifupi 130 kutsikira ku chigwa. Lundazi ali makilomita pafupifupi 180 kumpoto. Mukafuna kugwira zonse, masiku anu atha muli pampando wa minibasi kudikira kuti idzaze.

Ine ndikulangizani chonchi: tsiku loyamba likhale la msewu ndi malire, lachiwiri ndi lachitatu mupereke ku mbali imodzi, Katete kapena Mfuwe, ndipo lomaliza mugule zomwe mukufuna mu Chipata n'kubwerera kukadali dzuwa. Katete mungathe kupita m'mawa n'kudzagona ku Chipata. Mfuwe ayi, kumeneko n'kogona, usiku umodzi ukhale wochepetsetsa, uwiri ndiye bwino.

Chachitatu: mapepala

Pasipoti ikhale ndi moyo wa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, ndi masamba opanda chidindo. Anthu okhala m'mbali mwa malire amagwiritsa ntchito chiphaso cha pamalire, koma chimenecho n'cha maulendo aafupi a tsiku ndi tsiku. Pa ulendo wogona, wokafika mpaka ku Mfuwe, tengani pasipoti: ndiyo adzakufunseni pogula simu khadi, posintha ndalama, ngakhale pa geti ya nkhalango. Mukatenga ana, aliyense akhale ndi chiphaso chake ndi kalata yake yobadwira, ndipo ngati kholo limodzi latsala kunyumba, lilembe kalata yovomereza.

Wopita pa galimoto yake ali ndi ntchito yochulukirapo, ndipo ndi bwino ayimalizire ku Malawi konkuno. Pamafunika mapepala a umwini wa galimoto, laisensi yoyendetsera, ndi kalata ya kupolisi yotsimikizira kuti galimotoyo si yobedwa. Ngati galimoto ili m'dzina la wina, kaya kampani kaya banki yomwe idakukongozani, mwiniyo alembe kalata yokulolani kutuluka nayo. Inshuwalansi yanu ya kuno simagwira ntchito kutsidya. Gulani Yellow Card ya COMESA, inshuwalansi ya galimoto yogwira ntchito kutsidya kwa malire, kwa kampani yanu ya inshuwalansi musananyamuke, apo ayi mukagule inshuwalansi ya ku Zambia pamalire pomwepo. Pamalirepo adzakupatsani chilolezo cholowetsa galimoto kwa kanthawi, ndipo mudzalipira msonkho wa utsi wa galimoto, wa msewu ndi wa khonsolo. Lisiti iliyonse muisunge m'envulopu imodzi, chifukwa apolisi apamsewu amatha kufunsa iliyonse mwa izo. M'galimoto mukhale matrayango awiri, chozimira moto, ndi timapepala tonyezimira, toyera kutsogolo, tofiira kumbuyo. Ku Zambia amayendetsa kumanzere ngati kuno, ndipo nthawi ya pa wotchi ndi imodzimodzi.

Chachinayi: ndalama ndi foni

Ndalama ya ku Zambia nayo ndi kwacha, koma mphamvu yake ndi ina. Mu 2013 adachotsako maziro atatu, choncho mtengo womwe ukumveka waung'ono m'khutu la Mmalawi ukhoza kukhala waukulu mukauwerengera kwathu. Musanachoke yang'anani momwe ndalama ziwirizi zikusinthirana tsiku limenelo, mulembe pa kapepala kuti K10, K50 ndi K100 ya kutsidya ndi ndalama zingati kuno. Kapepala kameneko kadzakupulumutsani pokambirana ndi woyendetsa takisi.

Mukangotsika pamalire adzakuzungulirani anyamata a mipukutu ya ndalama m'manja. Ena mwa iwo amachita mwachilungamo, koma malo ake ndi a phuma, ndipo mlendo wosadziwa maonekedwe a ndalama ndiye amapatsidwa zoperewera kapena zakale. Mu 2025 banki yaikulu ya Zambia idatulutsa ndalama zatsopano, ndiye onani zithunzi zake pa intaneti muzidziwe. Njira yabwino ndi kusintha pang'ono pongokwanira takisi ndi chakudya, zotsalazo mukasinthire ku banki kapena kwa osintha ndalama ovomerezeka mu Chipata. Ngati muli ndi madola, iwo ndiwo amasinthika mosavuta kuposa kwacha yathu. Khadi ya banki ya ku Malawi musaidalire musanafunse banki yanu ngati ikulola kutapa ndalama kunja, ndi mlingo wake.

Za foni, kuyenda ndi nambala ya kuno kumadya mayunitsi msanga. Gulani simu khadi ya Airtel, MTN kapena Zamtel pa shopu yawo yeniyeni mu tauni, ailembetse ndi pasipoti yanu, muikemo bandulo ya sabata. Pemphani akutsegulireninso akaunti ya ndalama ya pafoni, chifukwa timabokosi ta maejenti tili paliponse ndipo simufunikanso kuyenda ndi ndalama zonse m'thumba. Pawabanki musaiiwale. Magetsi a ku Zambia amadalira kwambiri damu la Kariba, ndipo chaka cha chilala amathima maola ambiri.

Chachisanu: msewu ndi malire

Nyamukani m'mamawa. Minibasi za ku Mchinji zimapezeka ku depoti ya ku Lilongwe, ndipo zimatsata msewu wa M12 kudutsa Msundwe, Namitete ndi Kamwendo. Kufika pa boma la Mchinji ndi makilomita pafupifupi 110. Pamenepo mukwere takisi ya matola yokafika pamalire, muwoloke wapansi, kutsidya mukwere ina yokafika mu Chipata, ulendo wosakwana ola. Palinso mabasi akuluakulu a ku Lusaka omwe amanyamukira ku Devil Street, amene angakutsitseni mu Chipata, koma basi imadikira pamalire mpaka munthu womaliza ndi katundu womaliza zitaonedwa. Woyenda ndi kachikwama kamodzi amafulumira podumphadumpha pa matola.

Kuyambira mu Disembala 2022, pomwe apulezidenti Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema adatsegulira chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, apaulendo amaima kamodzi kokha: maofesala a mayiko onse awiri amagwirira ntchito m'nyumba imodzi, wina akudindani kutuluka, wina kulowa. Akakufunsani komwe mukagone, tchulani dzina la malo enieni, choncho mukhale mutalidziwa kale. Akakubwezerani pasipoti, musaiponye m'chikwama musanaone kuti akupatsani masiku angati. Kupyola tsiku lolembedwapo ndi mlandu. Aliyense wobwera n'kunena kuti akuthandizani kudumpha mzere mum'kane mwaulemu, chifukwa palibe chovuta pa windo chomwe simungachite nokha.

Mukamadutsa apa kumbukirani kuti malirewa adadula pakati pa anthu amodzi. Mchinji kale ankatchedwa Fort Manning, Chipata ankatchedwa Fort Jameson, ndipo mafumu a Chingoni a ku Mchinji, monga Zulu ndi Mlonyeni, mpaka lero amayang'ana kwa Mpezeni. Njanji yolumikiza Mchinji ndi Chipata idatsegulidwa mu 2010, koma musaiwerengere pa ulendo wanu.

Chachisanu ndi chimodzi: madzulo oyamba ndi tsiku la mu Chipata

Chipata adakhala m'chigwa chozunguliridwa ndi mapiri. Kuyambira nthawi ya atsamunda ndi malo a boma: lidali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911, pomwe dzikolo lidaphatikizidwa ndi la kumadzulo kukhala Northern Rhodesia, ndipo mu 2017 lidakwezedwa kukhala mzinda. Si mzinda wokupanikizani. Tsiku limodzi limakwana kuuzungulira.

Malo ogona alipo a thumba lililonse, kuyambira Protea Hotel mpaka maresitihausi ang'onoang'ono a m'makomboni. Mama Rula's, kunja pang'ono kwa tauni pa msewu wa ku Mfuwe, ndi podziwika kwa omanga matenti. Kulikonse komwe mwasankha, funsani zinthu zitatu musanalipire: kodi madzi amatuluka, magetsi akathima amachita bwanji, ndipo pabedi pali neti. Malungo a kutsidya ndi omwewa a kuno.

Mukaika katundu, pitani ku Down Shops. Uku ndi kumene kuli mashopu akale a Amwenye, omwe makolo awo adafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo mizikiti yake imaonekera patali. Zitenje, ziwiya ndi zipangizo za njinga zimapezeka kumeneko. Kenako msika wa Kapata ndi Saturday Market, komwe mungaone zomwe chigawochi chimalima: mtedza, nyemba, mbatata, mpunga, ndi mbewa zouma pa mpani nthawi ya chilimwe, zomwe anthu a kummawa amadziwika nazo m'Zambia monse. Mtedza wa Chalimbana womwe alimi athu aukonda kwa zaka zambiri mudzaupeza wochuluka. Yesani chikanda, chomwe amachiphika ndi mizu ya kutchire ndi nsinjiro n'kuchidula ngati buledi, mutsitsire ndi munkoyo. Nsima ndi yomweyo, ndiwo ndi zomwezo, ndiye m'mimba simudzadabwa.

Mu tauni yendani pa njinga ya kabaza, zilipo zambiri, koma mugwirizane mtengo musanakwere. Dzuwa likapendeka kwerani phiri la Kanjala mukaone mzinda wonse pansi. Pitani ndi mnzanu kapena munthu wa pamalo omwe mukugona, ndipo mutsike kusanade.

Pa chiyankhulo musade nkhawa. M'masukulu a chigawochi amaphunzitsa Chinyanja, ndipo mukatsegula Breeze FM kapena Radio Maria mudzamva zambiri ngati muli kwanu. Angoni a kumeneko amayankhula Chinsenga, chomwe khutu limazolowera msanga. Pali mawu ena omwe amasiyana ndi athu, ndipo mukalephera kumva ingofunsani. Musawakonze kayankhulidwe. Chiyankhulochi n'chawo monga momwe chilili chathu.

Chachisanu ndi chiwiri: ngati mwasankha Katete

Msewu wa ku Katete ndi wabwino, wodutsa m'minda ya chimanga, thonje ndi mpendadzuwa, ndipo pa galimoto yanu ndi ulendo wa ola limodzi ndi theka. Pali geti yolipirira msewu panjira, choncho ndalama zing'onozing'ono zikhale pafupi. Minibasi ndi matola zimayenda tsiku lonse.

Mtenguleni ali panjira yomweyi. Pa Nc'wala, magulu a ingoma ochokera kwa mafumu osiyanasiyana amabwera atavala zikopa za nyama, zishango ndi zibonga m'manja, nthaka n'kumanjenjemera ndi mapazi. Pachimake pa mwambo amabaya ng'ombe yamphongo yakuda ndi mkondo ndipo mfumu imalawa magazi ake. Angoniwa ndi zidzukulu za omwe adawoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835. Mu 1898 adamenyana ndi asilikali a Angerezi motsogozedwa ndi Nsingo, mwana wa Mpezeni woyamba, yemwe adagwidwa n'kuphedwa, ndipo mwambowu udakhala zaka zambiri osachitika mpaka udatsitsimutsidwa mu 1980. Mukapita nthawi yopanda mwambo, bwalo la Mtenguleni mudzalipeza lili zii, ndiye ndi bwino kufunsa njira ya ku Feni komwe kuli nyumba yosungira mbiri yotchedwa dzina la Nsingo.

Mkaika ndiye likulu la Achewa onse. Pa Kulamba, mafumu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera pamaso pa Kalonga Gawa Undi kudzapereka mitulo ndi kufotokoza momwe anthu awo akukhalira, kaya kwagwa njala, kaya matenda, kaya mtendere. Mwambowu nawo udaletsedwa nthawi ya atsamunda n'kudzayambiranso mu 1984. Kwa Mchewa wa ku Dedza, Dowa, Kasungu kapena Ntchisi, kuona gule wa kwawo akulowa m'bwalo limodzi ndi wa ku Tete ndi wa ku Chadiza, khamu lonse likufuula kuti "Yoo Gawa!", ndi chinthu chomwe ndikufuna aliyense achione kamodzi pa moyo wake, makamaka ana omwe akukulira m'tauni. Gule Wamkulu yemweyu bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha mayiko atatuwa pamodzi. Kuno kwathu bungwe la Chewa Heritage Foundation limakonza za ulendo wa ku mwambowu chaka ndi chaka, ndipo kufunsa kwa iwo kungakupezetseni anzanu oyenda nawo.

Tsiku la mwambo konzekerani motere. Muchoke mu Chipata kusanache, chifukwa pofika 9 koloko msewu wolowera umakhala utathinana. Tengani madzi okwanira, chipewa kapena ambulera, ndi kansalu kotchinga fumbi, poti Ogasiti ndi mwezi wa mphepo. Amayi avale chitenje, abambo asiye kabudula kunyumba. Foni ndi ndalama zikhale m'thumba la kutsogolo, khamu lalikulu silisowa a manja aatali. Mugwirizane ndi anzanu malo okumanirana mukasochererana, chifukwa netiweki imalemedwa ndi kuchuluka kwa anthu. Gule mumuonere pabwalo. Musamutsatire komwe akuchokera, musamutchingire njira, ndipo musamuyandikize kamera kumaso popanda chilolezo cha omuyang'anira. Wosalowa adziwe malire ake, ndipo wolowa sasowa kuuzidwa. Kandalama kofupa gule mukhale nako.

Mukapita mwezi wina, kumbukirani kuti Mkaika ndi pakhomo pa mfumu, si malo ongolowa n'kuyamba kujambula. Mlendo amadzera kwa nduna, amanena chomwe wadzera, ndipo sapita chimanjamanja. Katete weniweni ndi tauni yaing'ono ya mphambano, pomwe msewu wa ku Chanida umapatukira kulowera ku Mozambique. Kufupi ndi tauni kuli chipatala cha St Francis, cha mipingo ya Anglican ndi Katolika, chomwe chimathandiza anthu a madera akutali, ndipo pambali pake pali Tikondane, malo a chitukuko cha m'mudzi omwe amalandiranso alendo ogona pa mtengo wofikirika.

Chachisanu ndi chitatu: ngati mwasankha Mfuwe

Thirani mafuta odzaza thanki mu Chipata ndipo mutape ndalama zokwanira musanatsike. Msewu ndi wa tala mpaka ku Mfuwe, wodutsa ku Jumbe m'boma la Mambwe, dziko la Akunda, ndipo umatenga maola awiri kapena atatu. Wopanda galimoto apite kokwerera m'mawa, akadziwe kuti minibasi simanyamuka isanadzaze. Musayende msewuwu usiku. Pali njinga zopanda nyali, mbuzi, ndipo chakumapeto kwake njovu.

South Luangwa ndi nkhalango ya masikweya kilomita 9,050 kukula kwake, ndipo idakhazikitsidwa ngati paki mu 1972. Kuno ndi komwe Norman Carr, katswiri wosamalira nyama zakutchire, adayambitsa zoona nyama poyenda wapansi ndi mlonda wa mfuti. Mudzaona njovu, njati, mikango, mbidzi, mvuu zosawerengeka ndi ng'ona mu mtsinje, komanso kadyamsonga wa mtundu wa Thornicroft yemwe amapezeka m'chigwa chino chokha. Koma chomwe chimakokera anthu kuchokera kutali ndi akambuku, omwe kuno amaoneka kawirikawiri kuposa malo ambiri mu Africa.

Anthu amaopa Mfuwe poganiza kuti ndi ya azungu a madola okhaokha. Maloji a mkati mwa paki ndi odula zoona, koma kunja kwa geti, m'mbali mwa mtsinje, kuli malo monga Croc Valley, Marula Lodge ndi Wildlife Camp komwe kuli zipinda zotsikirapo mtengo ndi pomanga tenti. Polemba uthenga wosungitsa malo nenani kuti ndinu Mmalawi ndipo mufunse ngati ali ndi mtengo wa anthu a m'chigawo chino cha Africa. Pa geti napo nzika za mayiko a SADC zimalipira motsikirapo kusiyana ndi alendo a kutali, bola muonetse pasipoti. Funsaninso ngati mtengo womwe akuuzani waphatikiza chakudya, ndalama ya pa geti ndi galimoto yoonera nyama, popeza zitatuzi nthawi zambiri zimalipiridwa padera ndipo ndi zomwe zimadzidzimutsa anthu pa tsiku lochoka.

Maulendo oonera nyama ndi awiri pa tsiku. Wa m'mawa umayamba cha m'ma 6 koloko n'kutha dzuwa likayamba kuwawa. Wa madzulo umayamba cha m'ma 4 koloko n'kupitirira mpaka mdima, akuunika ndi nyali yamphamvu. Mungathe kulowa ndi galimoto yanu masana, koma muyenera kutuluka pofika 6 koloko madzulo, ndipo usiku amaloledwa ndi owongolera alendo ovomerezeka okha. Ngati ndalama ikukwana ulendo umodzi wokha wolipira, sankhani wa madzulo. Umakupatsani kuwala kwa dzuwa ndi mdima womwe, ndipo kambuku, fisi ndi nyama zina zoyenda usiku mumaziona nthawi imeneyo. Owongolera alendo a kumeneko ndi ana a m'dera lomwelo omwe adalemba mayeso a ntchitoyi. Afunseni mafunso m'Chinyanja, mudzamva zambiri zomwe sanena kwa alendo ena, ndipo pomaliza muwathokoze ndi kangachepe.

Ndondomeko yomwe imayenda bwino ndi iyi: kufika masana a tsiku lachiwiri, ulendo wa madzulo tsiku lomwelo, wa m'mawa tsiku lachitatu, kenako kupuma kapena kukaona Tribal Textiles komwe amajambula nsalu ndi manja, n'kubwerera ku Chipata m'mawa wa tsiku lachinayi.

Malamulo a chitetezo musawatenge mwachibwana. Maloji ambiri alibe mpanda, njovu ndi mvuu zimadutsa pakati pa zipinda usiku. Mdima ukagwa musayende nokha, itanani mlonda. Musasiye zipatso m'tenti kapena m'galimoto, fungo lake limaitana njovu, ndipo anyani amalanda chakudya patebulo pomwe. M'mtsinje musasambe kapena kuima m'mphepete mwa madzi. Valani zovala za mtundu wa dothi, chifukwa kashembe amakopeka ndi zakuda ndi zabuluu, ndipo m'mawa wa Juni ndi Julayi pa galimoto yopanda denga pamafuna juzi.

Za Lundazi

Lundazi musiyireni ulendo wina, pokhapokha ngati kwanu ndi kumpoto. Kumeneko amayankhula Chitumbuka, kuli hotela yomangidwa ngati nyumba ya mafumu akale a ku Ulaya yomwe bwanamkubwa Errol Button adaimanga cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo pali chipata china cholowera ku Mzimba. Wa ku Mzuzu angathe kulowera ku Mchinji n'kutulukira kumeneko, koma afunse kaye momwe msewu ulili mwezi umenewo.

Chomaliza: kugula ndi kubwerera

Zogula zonse zisiyireni tsiku lomaliza kuti musayende nazo ku Mfuwe kapena m'khamu la ku Mkaika. Malisiti asungeni. Katundu wochepa wogwiritsa ntchito pakhomo savuta pamalire, koma mukachulutsa chinthu chimodzi a MRA adzachiona ngati malonda ndipo mudzalipira msonkho. Amalonda ang'onoang'ono ali ndi ndondomeko yawo yofewetsedwa ya COMESA, ya katundu wa mtengo wochepa, ndipo pamalire pali desiki yowathandiza kudziwa katundu yemwe ali pa mndandanda. Chimanga, ufa, nyama, mbewu ndi mafuta a galimoto a m'zigubu zili ndi malamulo akeake omwe amasinthasintha, ndiye funsani polowa, musadikire kufunsa mutagula kale. Chilichonse chochokera ku nyama yakutchire, kaya chikopa, dzino kapena nyama youma, musachigwire n'komwe, chifukwa mayiko onse awiri amamanga pa mlandu umenewu.

Ndalama za ku Zambia zotsala muzisinthe mu Chipata, mungosiya ya takisi yokafika pamalire, ndipo zomwe zili pafoni muzitape musanawoloke. Wa galimoto abweze chilolezo chake cha kanthawi pa windo la kasitomu kuti m'mabuku mwawo zioneke kuti galimoto yatuluka, apo ayi adzavutika ulendo wotsatira. Yesetsani kukhala pamalire isanakwane 2 koloko masana. Mukatero mupeza minibasi za ku Lilongwe zikadali zambiri pa Mchinji, ndipo msewu wa M12, womwe umadzaza njinga ndi ngolo madzulo, muudutsa kukuwala.